Pinda Pepala Usanayatse Kompyuta

Mphwanga, ndamva kuti kantemba kako ka fotokope ku Matero kayamba kulandira anthu ofuna mapulogalamu a maliro ndi a ukwati. Ndakondwa, chifukwa timabuku timeneti tikudyetsa mabanja ambiri m'makomboni muno, ku Kanyama, ku Chawama mpaka ku Mtendere. Koma dziwa kuti kabuku kopinda kamachititsa manyazi ngakhale katswiri wa kompyuta, ngati manja ake sanaphunzire kayalidwe ka masamba.

Ukalandira ntchito, tenga kaye mapepala awiri a A4 otha ntchito, uwasanjike, uwapinde pakati, ulembe ndi pensulo 1 mpaka 8 monga mmene munthu angawerengere. Tsopano atambasule. Upeza tsamba 8 lili kumanzere kwa tsamba 1, kuseri kwake kuli 2 ndi 7. Pepala lamkati lili ndi 6 ndi 3, kuseri 4 ndi 5. Masamba awiri alionse oyandikana ukawaphatikiza akukwana 9, ndiye kuti masamba onse a kabukuko kuwonjezapo 1. Pa kabuku ka masamba 12 azikwana 13. Lamulo limeneli ukaligwira, makina sangakupusitse. Ndipo poti pepala limodzi limatulutsa masamba 4, kabuku kamayenda 4, 8, 12, 16. Anthu akabweretsa nkhani yokwana masamba 10, auze pomwepo kuti awiri atsala oyera, aikepo nyimbo ina kapena mawu othokoza.

Mu Word, sankha Book fold pa Page Setup usanalembe ngakhale liwu limodzi, chifukwa ukasintha pomaliza zithunzi zimabalalika. LibreOffice ndi yaulere ndipo ili ndi Brochure posindikiza. Ine njira imene ndimaidalira ndi kukonza masamba a A5 motsatana, kuwasunga ngati PDF, ndi kusindikiza mu Acrobat Reader posankha Booklet. Publisher usaitsamire kwambiri, eni ake, a Microsoft, analengeza kuti adzasiya kuisamalira mu Okutobala 2026.

Pulinta yako ngati imasindikiza mbali zonse yokha, iuze kuti izitembenuzira pepala kumbali yaifupi, apo ayi masamba akuseri atuluka chadodolido. Ngati umatembenuza ndi manja, lemba kachizindikiro pakona pa pepala, uone mmene latulukira, umate kapepala kokukumbutsa pa pulintapo. Siya malo okwanira pamene papindidwe, ndipo nkhope ya munthu isagwere pamzere wa pakati pamene palowe sitepulo.

Za maliro ndiye ndikufuna undimvetsetse. Anthu amafika madzulo, maso atatupa, mbiri ya malemu italembedwa mothamanga papepala long'amba m'kope, kuika maliro kuli mawa m'mawa ku Chingwere. Akuthamangitsa, koma iwe sindikiza kabuku kamodzi kokha, ukapinde, ukamange, ukapereke kwa wamkulu pa onse amene abwera. Unene mwaulemu kuti, "Atate, pepani ndi zovutazi. Werengani dzina, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi mayina a ana, mundiuze ngati zili bwino." Mudikire awerenge mpaka kumapeto, ngakhale kunja kukuda. Mwana mmodzi akaiwalika pamndandanda, mkangano wake umapitirira maliro atatha kalekale. Kabukuka amakasunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi, ndipo adzukulu amene sanamuone malemuyo adzadziwira momwemo kuti agogo awo anachokera ku Katete kapena ku Petauke. Wamkulu uja akavomera, ndipamene usindikize onse.

Magetsi akakhalapo usiku, sindikiza usiku womwewo. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene tinkakhalira maola ambirimbiri makina ali zii. Kupinda ndi kumanga ungathe kuchita ndi tochi ya pafoni, choncho uzisiyira pomaliza.

Ukapeza kandalama, gula sitepula ya mkono wautali yofika pakati pa pepala. Pakali pano tambasula imene uli nayo, ugoneke kabuku chafufumimba pa katoni, ubaye masitepulo awiri pamsana, upinde mano ake ndi chikhadabo kapena rula mkati mwa kabuku. Mapepala akachuluka, amkati amatulukira kunja pang'ono, ndiye uzidula m'mphepete utatha kupinda ndi kumanga. Potchula mtengo werengera mbali zonse ziwiri za pepala lililonse, ndipo chikuto cha pepala lolimba chikhale ndi mtengo wakewake.