Ulenje m'nkhani zamchezo ndi m'ndakatulo

Ophunzira ambiri a Fomu 4 a m'tauni akakumana ndi mawu monga phodo, mbuna kapena uzimba m'ndakatulo, amangowadumpha ngati sadawaone. Mwina inunso mumatero. Sitikukudzudzulani ayi. Ngati mudabadwira ku Makata, kwa Goliyo kapena pa Chinseu ku Ndirande, nyama yomwe mumaidziwa ndi ya m'butchala ndi kanyenya wa pamsika, ndipo chida cha ulenje chomwe mudagwirapo ndi legeni basi. Vuto ndi lakuti nthano, mikuluwiko ndi ndakatulo zathu zambiri zidakulira kutchire. Wolemba mayeso a MSCE sadzakufunsani komwe mudakulira. Adzangotseka mzere kunsi kwa mawu n'kunena kuti, "Fotokozani." M'phunziro lino tiona moyo wa mlenje ndi momwe moyowo umaonekera m'zomwe mumawerenga.

Zida za mlenje

Tiyambe ndi uta. Uta ndi mtengo wolimba wopindika womwe amaumanga nsinga uku ndi uku. Muvi umakhala wa bango, kumutu kwake kuli chitsulo chosongoka chosulidwa ndi amisiri, ndipo mivi imasungidwa m'phodo. Mlenje ankanyamulanso nthungo ndi chibonga zotsirizira nyama.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti uta suponya patali ngati mfuti. Mlenje wa uta ankayenera kuiyandikira nyama. Ankalondola mapazi ndi ndowe, n'kumanyang'ama, mphepo ikumuomba kumaso kuti fungo lake lisafike kwa nyamayo. Akaponda katsatsa kouma, ulendo wonse wapita pachabe. N'chifukwa chake mpangankhani yemwe ndi mlenje kawirikawiri amakhala wodekha, wosalankhulalankhula ndiponso watcheru. Mukafunsidwa khalidwe lake, musangoti "ndi wolimba mtima" n'kulekera pomwepo. Onani ngati wolemba akumuonetsa akudikira, akumvetsera kapena akuwerenga zizindikiro za m'tchire, ndipo perekani umboni umenewo.

Nanga kamuvi ka bango kangagwetse bwanji nyama yaikulu? Yankho ndi ululu. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ululu wochokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. Nyama yolasidwa sinkagwa pomwepo. Inkathawa, mlenje ali pambuyo, mpaka mtima wake utaima. Akaipeza ankacheka mnofu wozungulira bala n'kutaya, yotsalayo n'kudya. John Kirk, dotolo yemwe adayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire womwe udayamba mu 1858, adazindikira mphamvu ya kombe mwangozi: mswachi wake udakhudzana ndi ululuwu, ndipo atatsukira m'kamwa mtima wake udayamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake katswiri wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, adafufuza njerezi, ndipo pofika 1885 zidadziwika kuti muli mankhwala othandiza odwala mtima. Mpaka lero dzina la chomerachi m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe. Izi sizidzabwera pa mayeso a Chichewa, koma n'zabwino kudziwa kuti mawu a makolo athu adalowa m'sayansi chifukwa cha nzeru za alenje.

Misampha nayo ili mitundumitundu. Mbuna ndi dzenje lakuya lokumbidwa panjira ya nyama n'kuphimbidwa ndi timitengo, udzu ndi dothi. Khwekhwe ndi chingwe chokola mwendo kapena khosi. Diwa ndi mwala wophwatalala wogwera mbewa, pomwe ulimbo ndi wogwirira mbalame. Zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: zimabisika. Choncho mlakatuli akati mtsikana "wagwa m'mbuna" kapena mnyamata "wakodwa", akunena za tsoka lobwera kudzera m'chinyengo, osati ngozi wamba. Kusiyana kumeneku n'komwe kumapatsa malikisi.

Uzimba ndi miyambo yake

Uzimba ndi kusaka kwa gulu. Unkachitika m'chilimwe anthu atakolola, udzu utauma. Amuna a m'mudzi, mwinanso midzi ingapo, ankazinga tchire ndi agalu, maukonde ndi moto. Munthu sankangodzuka n'kuyatsa tchire. Chilolezo chinkachokera kwa mfumu kapena mwini dera, ndipo asananyamuke ankathira nsembe kupempha mizimu kuti iwatsegulire tchire. Nyama inkakhala ya yemwe wayamba kuilasa, ngakhale wina ndiye waitsiriza, koma sankadya yekha: othandiza ndi mfumu ankalandira gawo lawo. Pa nthawi ya mafumu a Amaravi, njovu ikaphedwa, mnyanga womwe wakhudza pansi unkapita kwa mfumu mwini nthaka.

Apa tidekhepo pang'ono, pakuti ophunzira ambiri amaphonya. Ulenje unkayendera limodzi ndi kudika. Mlenje sankakhala malo amodzi ndi mkazi wake ulendo ukayandikira, ndipo mkazi wotsala kumudzi ankayenera kudzisunga. Anthu ankakhulupirira kuti mwambowu ukaswedwa, mwamuna avulala kutchire kapena abwerako chimanjamanja. Tsono mukawerenga nkhani yoti mlenje wavulazidwa ndi njati, kenako akuluakulu akuitanitsa mkazi wake pabwalo, musadabwe kuti mayiyo walakwa chiyani pomwe sadali kutchireko. Mkangano wa nkhaniyo wagona pa chikhulupiriro chimenechi. Ndipo ngati funso likufuna maganizo anu, muli ndi ufulu wonena kuti mwambowu unkasenzetsa mayi mlandu wa ngozi yomwe sadaione n'komwe, bola mupereke zifukwa zochokera m'nkhanimo.

Udani wa munthu ndi nyama makolo adaufotokoza m'nthano ya Kaphirintiwa, malo opezeka m'mapiri a Dzalanyama. Nthanoyi imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu adapekesa moto ndi timitengo tiwiri, tchire n'kuyaka. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi zomwe zidathawira kwa munthu. Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Iyi ndi nthano yofotokoza chiyambi cha zinthu. Taonani kuti ikuyankha mafunso angapo nthawi imodzi: chifukwa chomwe nyama zimathawira munthu, chifukwa chomwe galu amasaka pamodzi ndi mbuyake, ndi chifukwa chomwe Chauta adatalikira.

Mikuluwiko yochokera ku ulenje

Mkuluwiko uli ndi matanthauzo awiri, lapamwamba ndi lobisika. Woyesa amafuna lobisikalo, koma simungalipeze ngati chithunzi chapamwamba simukuchiona.

Tengani uwu: "Mbalame ikatera pauta siilasika." Yerekezani kuti mwagwira uta, mbalame n'kudzatera pa uta womwewo. Muilasa bwanji? Muvi umafuna mpata. Tanthauzo lake ndi lakuti n'kovuta kuweruza kapena kulanga munthu wako wapafupi. Mfumu yomwe mphwake waba mbuzi, mbalame yaitera pauta. Wophunzira wosadziwa uta amalemba kuti mkuluwikowu ukutiphunzitsa kukonda mbalame. Zoterezi timaziona ndithu.

Wina ndi uwu: "Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso." Ukaona vuto likubwera, chitapo kanthu msanga. Palinso "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu," womwe ukukumbutsa kuti woyenda yekha m'tchire amasanduka wosakidwa. Ngakhale mawu oti utawaleza ndi a kuulenje: ndi uta wa Leza.

Mlenje wa dzana ndi wa lero

Musanaweruze mlenje wa m'nkhani, yambani mwaona nthawi yomwe nkhaniyo ikuchitika. M'nthano zakale mlenje ndi ngwazi yodyetsa mudzi. Atsamunda atafika adayamba kuika malire: mu 1897 dambo la Elephant Marsh ku chigwa cha Shire lidakhala malo otetezera nyama. Lero kusaka kumayendetsedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017 kotero kuti wopalamula mlandu wokhudza nyama monga njovu, chipembere kapena ngaka atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Chifukwa chake n'chodziwika. Ku Majete, pofika 1992 njovu zidali zitatheratu, ndipo nyama zidayamba kubwezeretsedwa bungwe la African Parks litagwirizana ndi boma mu 2003. Motero m'ndakatulo yamakono, munthu yemweyo wonyamula msampha atha kukhala chizindikiro cha umbombo kapena cha umphawi, osati cha ungwazi.

Simukusowa kupita kutali kuti muone kusinthaku. Kwezani maso muone phiri la Ndirande. Lidali ndi nkhalango, koma mitengo yake idadulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990.

Tiyesere limodzi

Werengani ndakatulo iyi yomwe talemba kuti itithandize pa phunziro lino.

Uta wanga wagona pakhoma,
Nsinga yalefuka ngati mawondo angawa.
M'phodo mudalowa mphemvu,
Mivi ili psuu ndi dzimbiri.

Ndikasuzumira phiri la Ndirande,
Lameta mpala, likundiseka.
Kodi gwape adatsanzika yani?
Mdzukulu akuti, "Agogo, ndiwo ndi bonya."

Woyankhula ndani? Wophunzira wothamanga alemba kuti "mlenje". Sadalakwe, koma yankho lokwanira ndi "mlenje wokalamba yemwe adaleka kusaka". Umboni ulipo: mawondo alefuka, mivi yachita dzimbiri, ndipo mwana akumutchula kuti agogo. Malo ndi ku Ndirande, m'nyumba momwe phiri likuonekera. Nthawi ndi ya masiku ano, nkhalango itatha.

Pa zipangizo, mzere wachiwiri uli ndi chifanifani chifukwa cha mawu oti "ngati". Mawu oti "psuu" ndi mvekero. Phiri lomwe lameta mpala n'kumaseka ndi umunthu, pakuti lapatsidwa zochita za munthu. "Kodi gwape adatsanzika yani?" ndi funso lachodziwadziwa: gogoyu sakudikira yankho. Koma kutchula chipangizo ndi theka chabe la ntchito. Funso likati "fotokozani", onjezani zomwe chipangizocho chikuchita. Mwachitsanzo: "Mlakatuli wafanizira nsinga ya uta ndi mawondo pofuna kuonetsa kuti mlenje ndi chida chake akalambira limodzi, ndipo onse alibenso ntchito." Yankho lotere woyesa sangalimane malikisi.

Mzere wotsiriza ndi womwe wanyamula ululu wa ndakatuloyi. Munthu yemwe ankagawira mudzi nyama lero akuitanidwa kukadya bonya wogula pamsika, ndipo womuitanayo ndi mdzukulu yemwe sakuonapo chachilendo. Kamvekedwe kake n'kodandaula. Komabe wowerenga watcheru afunsenso kuti: kodi gogoyu akuvomera kuti mivi yake idathandiza kumutha gwapeyo? Sakutero. Akuloza phiri, akuloza gwape, koma sakudziloza yekha. Mfundo yotereyi mutha kuilemba pa funso lofuna khalidwe la woyankhula.

Ntchito

1. Fotokozani zomwe "uta wogona pakhoma" ukuimira m'ndakatuloyi.
2. Lembani ndime imodzi yosimba zomwe zidachitika m'dera lanu zomwe zikugwirizana ndi mkuluwiko woti "Mbalame ikatera pauta siilasika."
3. Funsani munthu wachikulire wa kwanu mayina a misampha itatu yomwe sitidaitchule pano, ndipo mufotokoze momwe umodzi mwa iyo umagwirira nyama.