Zilonda za m'mimba zikakana kupola: phunziro la khansa ya limfoma ya m'chifu

Odwala ambiri amene ndimawaona kuchipatala chathu muno mu kampu amadandaula chilungulira ndi ululu pamwamba pa mchombo. Kawirikawiri zimakhala zilonda za m'mimba, ndipo amachira. Koma mayi wina anandiphunzitsa kusafulumira. Anamwa omeprazole wogula okha kwa miyezi yambiri. Ululu unkaleka n'kuyambiranso, akadya nthongo zitatu za nsima ankakhuta, thupi linkatha, magazi anachepa. Titawatumiza kuchipatala chachikulu, anawapeza ndi limfoma ya m'chifu.

Limfoma ndi khansa ya asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi aja. Ambiri timaidziwa ikatupitsa anabere m'khosi kapena m'khwapa, koma nthawi zina imayambira m'kati mwa chifu, ngakhale kuti si kawirikawiri. Mtundu wina, wotchedwa MALT, umakula pang'onopang'ono, ndipo odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse amapezekanso ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, komwe kaja kamayambitsa zilonda. Mtundu winawo umakula msanga, ndipo anthu amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu.

Vuto lake ndi lakuti zizindikiro zimafanana ndi za zilonda. Palibe dokotala amene angaizindikire pongogwira pamimba. Njira yake ndi yolowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa mpaka m'chifu. Munthu amapita asanadye, amamupopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, ndipo zimatenga mphindi zochepa. Koma maso okha sakwanira, chifukwa limfoma imatha kuoneka ngati chilonda wamba. N'chifukwa chake amatsina tizidutswa ta mnofu m'malo angapo n'kutitumiza ku labotale. Zotsatira zimatenga masabata, ndipo nthawi zina amabwereza. Ndikudziwa kuti ena amakana poopa kuti kutsina khansa kumaifalitsa. Si zoona.

Akanena kuti akuyezani kachilombo kaja m'chimbudzi, uzani achipatala mankhwala onse amene mwamwa. Omeprazole amafunika kusiyidwa masabata awiri, ndipo ma antibayotiki masabata anayi, apo ayi kachilomboko kamabisala.

Limfoma ikapezeka, kuyeza sikunathe, ndipo apa ndi pamene mabanja amatopa n'kumati madokotala akungozengereza. Iwo amakhala akufufuza pamene matenda afika. Amayamba ndi anabere ozungulira chifu, kenako chiwindi, kapamba, matumbo ndi mapapo, pojambula ndi sikani ya m'mimba ndi pachifuwa. Mtundu wa MALT umatha kuonekeranso m'mbali mwa maso ndi m'tiziwalo totulutsa malovu. Amayeza magazi, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo ena amawatenga mafuta a m'fupa la m'chiuno.

Yankho la mafunsowa ndi limene limasankha mankhwala. Ngati MALT ikadali m'chifu mokha ndipo kachilomboko kalipo, mapilitsi ophera kachilomboko a masiku pafupifupi 14 amathetsa khansayo mwa odwala oposa theka, ngakhale kuti imazimiririka pang'onopang'ono ndipo kamera ija imabwerezedwa. Ikafalikira kapena ikakhala ya mtundu wokula msanga, pamafunika mankhwala a khansa a m'diripi. Ngakhale pamenepo, ambiri amathandizika.

Bwerani mudzationenso ngati ululu sukusintha mutamaliza mankhwala, mukuonda popanda chifukwa, mukukhuta msanga kapena mukutuluka thukuta lonyowetsa zofunda usiku. Kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda ngati phula, bwerani tsiku lomwelo. (Mapilitsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, choncho tiuzeni ngati mukumwa.) Mukatumizidwa kuchipatala chachikulu, tengani buku lanu la kuchipatala ndi kalata yathu, ndipo pepala la zotsatira za ku labotale mulijambule pa foni. Mukasamutsidwa kupita kwina, pepala limenelo lidzakupulumutsani kuyambiranso kuyeza konse.