MSILIKALI AMENE ANASANDUKA MPHUNZITSI WAMKURU

Anzanga, ndiyambe ndi kuulula kuti teremu yathayi ndinalephera mayeso a mbiri yakale. Ndinali nditaloweza zaka za nkhondo ndi maina a akazembe, koma funso litati, "Fotokozani cifukwa cace," ndinangoti kakasi. Aphunzitsi athu ataona kuti ndataya mtima anandiuza za Mngelezi wina, dzina lace Michael Howard. Zimene ndinamva ndi kuwerenga za bambo ameneyu ndafuna kuti ndigawireko inu.

A Howard anabadwira mu London m'caka ca 1922. Anayamba maphunziro apamwamba ku Oxford, koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inawadula pakati. Analowa usilikali m'gulu la Coldstream Guards, ndipo mu 1943 anamenya nkhondo ku Salerno m'dziko la Italy. Analandira mendulo ya Military Cross cifukwa ca kulimba mtima kwao, ndiponso anabvulazidwa kawiri.

Nkhondo itatha anabwerera ku Oxford kukatsiriza maphunziro. Apa ndi pamene ine ndinachera khutu kwambiri: pa mayeso otsiriza sanapate malo oyamba ai, anangokhoza m'gulu laciwiri. Mu 1947 anapeza nchito ya mphunzitsi wothandizira pa King's College ku London. Mu 1953 anawapatsa udindo wophunzitsa za nkhondo, phunziro limene akuruakuru ambiri a maphunziro ankaliyesa la asilikali okha.

Nanga anakwera bwanji? Anafunsa funso limene ine ndinalephera kuyankha. Mu 1961 anaturutsa buku lochedwa The Franco-Prussian War, lonena za nkhondo ya mu 1870 ndi 1871 pamene Ajeremani anagonjetsa Afalansa. M'bukumo sanangowerenga mizinga ndi mitembo. Anaonetsa kuti dziko la Prussia linapambana cifukwa anyamata ace anaphunzitsidwa usilikali mwa lamulo, akazembe ace anakonzeratu zonse mwa dongosolo, ndipo sitima za pamtunda zinafikitsa asilikali kumalire msanga. Cotero gulu la nkhondo limafanana ndi mtundu umene walituma.

Mu 1962 anakhazikitsa cigawo ca maphunziro a nkhondo pa King's College, cimene cikalipobe lero. Mu 1968 anabwerera ku Oxford. Mu 1976 iwo ndi Peter Paret anaturutsa m'Cingelezi buku la Mjeremani Clausewitz lochedwa On War. Ndipo mu 1980 munthu uja wa m'gulu laciwiri anaikidwa kukhala Regius Professor wa mbiri ya masiku ano pa Oxford pomwepo, mpando waulemu kopambana. Kucokera mu 1989 kufikira 1993 anaphunzitsa ku Yale, ku Amerika. Anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 97.

A Howard ankalangiza kuti wophunzira za nkhondo acite zinthu zitatu. Coyamba, awerenge za nkhondo za nyengo zosiyanasiyana kuti aone zimene zimasintha ndi zimene sizisintha. Caciwiri, asankhe nkhondo imodzi naizamire, kufikira makalata a asilikali wamba, kuti aone mantha ndi cisokonezo zimene mapu saonetsa. Cacitatu, aone anthu a kumudzi, cuma ndi ndale za maiko omenyanawo.

Ine ndayesa malangizowa pa nkhondo ya kwathu kuno. Kale ndinkangodziwa kuti mu 1914 Angelezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga. Tsopano ndimafunsa: anasenza katundu wa asilikali ndani? Anali amtengatenga, makolo athu. Nanga minda yao anailima ndani iwo atacoka? Mafunso otere andithandiza kumvetsa cifukwa cace John Chilembwe anadandaula za Aafirika ofera nkhondo ya eni.

Tsono anzanga, wina akalephera mayeso monga ndinacitira ine, asathamangire kutaya mabuku. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tisamangoloweza kuti cinthu cinacitika liti. Tizifunsanso kuti cinacitika cifukwa ninji, ndipo cinagwera yani. Teremu ino ndidzalowa m'cipinda ca mayeso ndi mafunso amenewa m'mutu.

Wa Fomu 3