Kupeza uchi wa maluwa a mtundu umodzi ku Ntcheu

Amene amamwa khofi wa Ricoffy amamwanso chikore mosadziwa, chifukwa muzu wake wokazinga umasakanizidwa m'menemo. Mbewuyi imalimidwa kwambiri ku Alexandria m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa. Maluwa ake ndi obiriwira ngati thambo, amatseguka m'mawa n'kudzitsekera dzuwa likafika paliwombo, ndipo njuchi zimawakonda. Koma uchi wa chikore ndi wosowa, chifukwa chomerachi chimachita maluwa chaka chachiwiri, pamene alimi ambiri amakumba muzu chaka choyamba. Kuno ku Ntcheu sitilima chikore, koma luso lopezera uchi wa duwa limodzi ndi lomwelo, ndipo mpendadzuwa ndiye poyambira pabwino.

Choyamba, yendani m'dera lanu muone chomwe chidzakhala chikuphuka. Njuchi zimatha kuuluka makilomita atatu kukasaka chakudya, ndipo simungazilamule kuti zitere pa duwa lanu lokha. Chomwe mungachite ndi kuziika pamalo pomwe duwa limodzi lachuluka kuposa ena onse. Munda waung'ono wozunguliridwa ndi bulugamu amene akuchita maluwa sungakupatseni uchi wa mpendadzuwa. Minda yoyandikana ya alimi angapo, monga momwe zimakhalira kuzigwa za Bwanje ndi Manjawira, ndiyo yofunika. Mng'oma umodzi kapena iwiri pa hekitala yakwana.

Kenako werengani masiku. Mpendadzuwa wodzalidwa mu Januwale amayamba maluwa pakatha pafupifupi miyezi iwiri, ndipo munda wonse umakhala m'maluwa masabata awiri kapena atatu basi. Nthawi imeneyi ndi yochepa, choncho njuchi ziyenera kukhala zambiri kale. Mng'oma wofooka, umene njuchi zangolowa kumene, udzagwiritsa ntchito timadzi tonse ta m'maluwa polera ana, inu osapeza kanthu.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Maluwa asanatseguke, fulani uchi wonse wokhwima umene uli mumng'oma. Ukatsala, udzasakanizana ndi watsopano, ndipo dzina la mpendadzuwa lidzakhala la pakamwa chabe. Musakhudze zisa za ana ndi za mungu, ndipo musiyireko njuchi chakudya pang'ono. Kumbuyo kwa zisa za ana ikani timitengo ta pamwamba pa mng'oma topanda zisa, mutapaka phula pang'ono pakati pake kuti njuchi ziumbe mowongoka. Lembani chizindikiro ndi makala kapena choko pa timitengo tatsopanoto. Zisa zokhala ndi chizindikiro zokhazo ndizo mudzazitche za mpendadzuwa.

Ngati ming'oma ili kutali ndi munda, isamutseni usiku mutatseka khomo ndi kansalu kolowetsa mpweya, maluwa oyamba atangotseguka. Mukaisuntha mtunda waufupi, njuchi zambiri zimabwerera pamalo akale n'kukasokera. Ming'oma ya timitengo ndi yovuta kunyamula chifukwa zisa zimathothoka ndi kugwedezeka, ndiye kwa ambiri ndi bwino kudzala mbewu pafupi ndi ming'oma kusiyana ndi kunyamula ming'oma kupita kumbewu. Ikani madzi m'beseni momwe mwaponyamo timiyala, ndipo pakani girisi pa waya kapena miyendo ya mng'oma kuti linthumbu lisakwere.

Kambiranani ndi anzanu za mankhwala. Kumtunda monga ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumene kachewere, kabichi ndi tomato zimapoperedwa pafupipafupi, nkhaniyi si yamasewera. Wopopera apopere madzulo njuchi zitalowa, ndipo asapopere mbewu yomwe ili m'maluwa.

Maluwa akayamba kufota, dikirani sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kenako tsegulani madzulo ndi utsi wochepa. Utsi wambiri umanunkhitsa uchi. Tengani zisa zomwe njuchi zamata ndi phula pafupifupi chisa chonse. Uchi wosamatidwa uli ndi madzi ambiri ndipo umasasa. Malamulo a malonda salola madzi opitirira 20 pa 100 alionse. Koma musachedwenso kwambiri, chifukwa mitengo ina ikayamba maluwa njuchi zidzathira timadzi tina m'zisa zomwezo.

Duladulani zisa m'ndowa yoyera, youma, ya pulasitiki, muziphwanye, n'kusefa pa nsalu yoyera m'chipinda chotseka. Musaike pamoto. Kuwiritsa kumadetsa uchi, kumachotsa fungo la duwa lomwe mwalivutikira, ndiponso kumasungunulira phula momwemo. Usiyeni masiku awiri kapena atatu kuti thovu likwere pamwamba, muliwengule, kenako muthire m'mabotolo msanga.

Ndati msanga chifukwa uchi wa mpendadzuwa, wachikasu chowala, umagwirana pakangopita masabata ochepa. Ogula ena pamsika amati wathiridwa shuga. Si zoona: timadzi ta duwali tili ndi shuga wa mtundu umene umauma mofulumira. Lembani zimenezi pabotolo, pamodzi ndi mudzi ndi mwezi umene munafula, ndipo muuzeni wogula kuti aviike botolo m'madzi ofunda oti dzanja n'kupirira. Ofuna kugulitsa m'masitolo ayenera kupimitsa uchi wawo ku Malawi Bureau of Standards.

Mukafula wa mpendadzuwa, bwezerani timitengo topanda zisa ndi kulemba chizindikiro china pokonzekera maluwa otsatira. Nandolo ndi mango zimachita maluwa m'nyengo yozizira, ndipo amene ali kufupi ndi nkhalango za Dzonzi ndi Mvai amayembekezera maluwa a mitengo ya miombo dzuwa la Okutobala likamayandikira.