Phunziro 17: Yoga ndi Msana wa Mlimi

Mvula yoyamba ikagwa, tonse timaweramira khasu. Kuchokera ku Mandimba mpaka ku Ngauma dandaulo limakhala limodzi: msana. Amayi amasenza madzi ndi nkhuni. Abambo amakankha njinga yodzaza matumba a chimanga kupita kumsika. Pofika madzulo thupi lauma gwa.

Lero tiwerenga za yoga. Yoga ndi njira yowongolera thupi ndi kukoka mpweya mwadongosolo. Inachokera ku India kalekale. Silira ndalama, mphasa imodzi yakwana. Koma yoga ili mitundumitundu, monga makasu. Khasu la mnyamata silimuyenera gogo.

Mtundu woyamba ndi Hatha. Uwu ndi wapang'onopang'ono, ndipo uyenera munthu amene akuyamba kumene. Yesani chonchi: gwadani pamphasa, khalirani zidendene, kenaka weramani mpaka mphumi ifike pansi, manja ali kutsogolo. Kokani mpweya kasanu musanadzuke. Mudzamva msana ukumasuka. Ngati mawondo anu amapweteka, musagwade.

Nanga okalamba ndi ofooka atani? Iwo uwayenera mtundu wa Iyengar. Dzinali ndi la mphunzitsi wina, B.K.S. Iyengar, amene anabadwa mu 1918. Ali mwana ankadwaladwala malungo ndi chifuwa chachikulu. Atakula anaphunzitsa mumzinda wa Pune, ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Iye anaona kuti si onse amene dzanja lawo lingafike kuphazi. Tsono anayamba kuthandiza ophunzira ndi lamba, mpando ndi khoma. Ifenso zoterezi tili nazo. Gonani chagada, kolani phazi limodzi ndi chitenje, kwezani mwendo pang'onopang'ono mpaka mumve kukoka kumbuyo kwa ntchafu. Mukatero sinthani mwendo. Kapena gonani chagada, miyendo muyisanjike pampando kapena pathumba la chimanga, mukhale choncho mphindi 5. Kwa mlimi wotopa, mtundu uwu ndiwo wopambana.

Ashtanga, yomwe inafala kuchokera mumzinda wa Mysore, ndi yothamanga ndi yodumphadumpha. Imatulutsa thukuta kwabasi. Iyenera anyamata ampira ndi anthu ogwira ntchito chokhala. Munthu amene wapanga mizere kuyambira tambala woyamba, thukuta lake wakhetsa kale. Ku America kuli ena amene amachitira yoga m'chipinda chotenthetsa dala mpaka madigiri 40, ndipo amalipira ndalama. Ife ku Cuamba kutentha kotero timakupeza ulere mu Okotobala! Sankhani mthunzi, m'mawa kapena madzulo, musanadye.

Pali mtundu winanso umene sufuna kupinda thupi konse. Munthu amangokhala pansi chete, maso chitsinzinire, nakhazika mtima. Uwu uyenera wosowa tulo ndi wodzaza maganizo. M'dziko lathu si wachilendo. Joaquim Chissano, amene anali Pulezidenti kuyambira 1986 mpaka 2005, anauphunzira mu 1992, chaka chimene nkhondo inatha. Pambuyo pake unaphunzitsidwanso kwa asilikali ndi apolisi atsopano, ndipo iwo ankakhala chete mphindi 20 kawiri patsiku.

Ena amafunsa kuti, "Kodi si chipembedzo chimenechi?" Ndi zoona kuti yoga inakulira m'chipembedzo cha Ahindu. Koma zimene taphunzira pano ndi zowongola thupi chabe. Msilamu ndi Mkhristu angazichite popanda pemphero lililonse lachilendo.

Chenjerani ndi izi. Mayi woyembekezera asagone chafufumimba, ndipo ayambe wafunsa kusikelo. Wodwala matenda othamanga magazi asazondotse mutu. Mukamva kubaya, lekani pomwepo. Yoga sichiza matenda onse. Ngati msana ukupweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kapena mwendo wachita dzanzi, kapena mukukodza magazi, pitani kuchipatala msanga.

Mafunso

1. Kodi Iyengar ankathandiza ophunzira ake ndi zinthu ziti?
2. Ndani sayenera kuzondotsa mutu?
3. Ndi ntchito iti imene imakupwetekani msana kwambiri? Kambiranani ndi anzanu.

Lembani m'kope mwanu mau awa: msana, mphasa, mpweya, chitenje.