Mphepo ya Masabata Ochepa Imene Imasintha Nyengo ya Mlimi

Alimi anzathu, tiyeni timvetse kumene El Niño amachokera. Pa nyanja yaikulu ya Pacific pamawomba mphepo yochokera kum'mawa, imene imakankhira madzi ofunda kufupi ndi Indonesia n'kusiya madzi ozizira ku gombe la Peru. Pakadutsa zaka 2 mpaka 7 mphepoyi imafooka ndipo madzi ofunda amabwerera kum'mawa. Mitambo ya mvula imatsatira madziwo, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa mvula nthawi zambiri imachepa.

Komatu kukula kwa El Niño sikudalira nyanja yokha. Nthawi zina kumadzulo kwa Pacific kumabuka mwadzidzidzi mphepo yamphamvu yolowera kum'mawa, imene imatha sabata imodzi mpaka zitatu. Palibe katswiri angailosere kudakali miyezi. Ikabuka mobwerezabwereza, imatumiza madzi ofunda oyenda pansi pa nyanja, amene amafika ku South America patatha miyezi iwiri kapena itatu. Umu ndi mmene El Niño wamkulu wa 1997 anayambira. Kumayambiriro kwa 2014 zizindikiro zinali zofanana, ndipo akatswiri ankayembekezera zoopsa. Koma pakati pa chakacho mphepo ya kum'mawa inalimba mosayembekezeka, El Niño n'kulephera kukula. Kutentha kumene kunatsala m'nyanja kunathandizira El Niño wamphamvu wa 2015/16.

Ngakhale mvula yathu sitsata kukula kwa El Niño ndendende. Mu 1997/98 chilala sichinafike pamene anthu ankaopa. El Niño wa 2023/24 anali wocheperapo, komabe chimanga chinauma m'zigawo zambiri, mpaka pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi.

Choncho uthenga wa nthambi yoona zanyengo tiziumva monga chenjezo la zimene zingathe kuchitika, ndipo tizikonzekera mbali zonse. Tikumbe maenje a gamphani mvula isanayambe ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi. Tibzale chimanga chocha msanga pamodzi ndi mapira, khobwe ndi chinangwa, ndipo mbewu yonse isalowe m'nthaka tsiku limodzi. M'chaka cha zokolola zambiri tisagulitse zonse. Yosefe anasunga tirigu ku Igupto njala isanafike, ndipo ifenso monga adindo a munda wa Mulungu tiyenera kudzaza nkhokwe zathu nthawi ikadalipo.