Boris Vian: mafunso ndi mayankho onena za moyo ndi zolemba zake

Kodi Boris Vian anali ndani?

Anali mlembi wa mabuku, wopeka nyimbo komanso woimba lipenga wa ku France. Anabadwa pa 10 Marichi 1920 ku Ville-d'Avray, kufupi ndi Paris, ndipo anamwalira pa 23 Juni 1959 ali ndi zaka 39. Anaphunzira uinjiniya ku École Centrale, ndipo kuyambira 1942 ankagwira ntchito ku AFNOR, bungwe loona za miyezo ya katundu wopangidwa m'mafakitale. Masana ankakhala mu ofesi, usiku n'kumakaimba jazi.

N'chifukwa chiyani anachita zambiri chonchi m'moyo waufupi?

Ali ndi zaka 12 anadwala matenda a nyamakazi amene anamuwonongera mtima. Anakula akudziwa kuti sadzafika paukalamba, choncho ntchito zake sankazengereza nazo. Analemba mabuku, masewero ndi nyimbo mazanamazana, analembera magazini ya Jazz Hot, ndipo anamasulira m'Chifalansa mabuku a ku America monga The Big Sleep la Raymond Chandler. Mtima womwewo ndi umene unadzamusiyitsa lipenga.

Nanga jazi inalowa bwanji m'moyo wake?

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, achinyamata a ku Paris ankasonkhana m'malo ovinira apansi pa nyumba m'dera la Saint-Germain-des-Prés. Malo ena otchuka anali Le Tabou, ndipo Vian ankaimba kumeneko. Oimba a ku America monga Duke Ellington ndi Miles Davis akafika ku Paris ankacheza naye. Dzina la mtsikana wa m'buku lake lokondedwa, Chloé, analitenga pa nyimbo ina imene gulu la Ellington linkaimba.

Kodi buku limenelo likunena chiyani?

Dzina lake ndi L'Écume des jours, ndipo linatuluka mu 1947. Colin, mnyamata wachuma, akwatira Chloé, koma posakhalitsa mtsikanayo adwala: duwa la m'madzi lamera m'phapo mwake. Mankhwala ake n'kumuzunguliza ndi maluwa ena ambirimbiri, ndipo Colin amaliza chuma chonse pogula maluwawo. Pamene matenda akukula, nyumba yawonso ikuchepa, zipinda zikupanikizika, kuwala kukuzilala. M'nyumba momwemo muli piyano imene ukamaiimba imasakaniza zakumwa mogwirizana ndi nyimboyo. Mnzake wa Colin, Chick, nayenso atha ndalama potolera chilichonse chokhudza wanzeru wina dzina lake Jean-Sol Partre. Apa Vian ankaseka wanzeru weniweni Jean-Paul Sartre, amene ankadziwana naye bwino.

Kodi zodabwitsa zoterezi ndi zimene zimamupangitsa kutchedwa surrealist, kutanthauza mlembi wa zinthu zonga za kumaloto?

Inde, ngakhale kuti sanalowe m'gulu la André Breton limene linayambitsa kalembedweka. Vian amafotokoza zinthu za kumaloto ngati zochitika wamba, osapepesa kapena kulongosola. Koma zodabwitsazo sizongoseweretsa owerenga. Nyumba yochepachepa ija ikusonyeza mmene matenda amapanikizira banja, ndipo amene analemba zimenezi anali wodwala yemwe ankaudziwa bwino mpanipani wotero. Nthabwala zake zimakuseketsa poyamba, chisoni chimabwera pambuyo.

Nanga Vernon Sullivan ndi ndani?

Ndi munthu amene sanakhaleko. Mu 1946 Vian analemba m'masabata awiri okha buku lachiwawa lotchedwa J'irai cracher sur vos tombes, n'kunena kuti mwini wake ndi Sullivan, mlembi wakuda wa ku America, ndipo iye wangomasulira. Nkhani yake ndi ya munthu wakuda wa khungu loyera amene akubwezera imfa ya mng'ono wake wophedwa ndi azungu. Mu 1947, mkazi wina ataphedwa m'hotela ku Paris, bukuli linapezeka m'chipindamo, ndipo nyuzipepala zinachita nalo phokoso. Linagulidwa kwambiri, kenako boma linaliletsa, ndipo mu 1950 khoti linamulipiritsa Vian chindapusa. Anthu anamudziwa chifukwa cha bodza limeneli, pamene mabuku olembedwa m'dzina lake lenileni, monga L'Herbe rouge la 1950 ndi L'Arrache-cœur la 1953, ankangochita fumbi m'masitolo. Atatopa nazo, anasiya kulemba mabuku a nthano n'kutembenukira ku nyimbo.

Kodi nyimbo yake yotchuka ndi iti?

Ndi Le Déserteur ya mu 1954. Ili ngati kalata yopita kwa mtsogoleri wa dziko, yochokera kwa munthu amene akukana kupita kunkhondo. Inamveka m'chaka chimene asilikali a France anagonja ku Dien Bien Phu ku Vietnam, ndipo m'Novembala chaka chomwecho nkhondo ya ku Algeria inayamba. Pawailesi inaletsedwa. Mu 1956 Vian analembanso limodzi ndi Henri Salvador ndi Michel Legrand zina mwa nyimbo zoyamba za rock and roll m'Chifalansa, ndipo anadzagwira ntchito kukampani yojambula nyimbo ya Philips.

Kodi anamwalira bwanji?

Buku la Sullivan lija linamutsatira mpaka kumapeto. Analipanga filimu, ndipo Vian anakangana ndi opanga filimuyo chifukwa sanagwirizane ndi mmene anaisinthira nkhaniyo. Anapitabe kukaionera ku Cinéma Marbeuf, ndipo filimu itangoyamba anakomoka ndi mtima wake uja. Sanatsitsimukenso.

Nanga lero amamuona bwanji?

M'zaka za m'ma 1960 achinyamata anatulukira L'Écume des jours n'kulikonda, ndipo masiku ano limaphunzitsidwa m'sukulu za ku France. Mu 2010 mabuku ake analowa mu Bibliothèque de la Pléiade, mndandanda umene kampani yosindikiza mabuku ya Gallimard imasungira alembi olemekezeka, ndipo mu 2013 Michel Gondry anatulutsa filimu ya nkhani ya Colin ndi Chloé. Wofuna kuyamba kuwerenga Vian ayambire pa buku la L'Écume des jours, lomwe linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri kuphatikizapo Chingerezi.